Fyuzi ndi Ampu Yodula Mawu

Dzina lake lenileni lili pa chiphaso, ndipo amalidziwa ndi mkazi wake ndi a kuchipatala basi. Ena onse, kuyambira oyendetsa matakisi mpaka ana ake omwe akakhala kuseri, amamutchula kuti Fyuzi.

Dzinali analipata ali mnyamata, nthawi imene ankaliza gitala ya besi m'kabandi kena kamene kankayeserera m'galaja ya munthu. Kabandiko kanali ndi ampulifaya yokwezera mawu imodzi yokha, yokalamba, chivindikiro chake chomangidwa ndi chingwe cha nsapato. Nyimbo ikangofika pokoma, fyuzi ya ampuyo inkapsa. Fyuzi ikapsa, naye woliza besi ankapsa mtima nthawi yomweyo, n'kukalipira aliyense amene ali pafupi: wa ng'oma, mwini galaja, ngakhale galu wongodutsa. Anzake anaona kuti awiriwa ndi pachibale, dzina n'kumera.

Kabandiko sikanapite patali. Woyimba wawo anakwatira n'kulowa kwaya, wa ng'oma anapeza ntchito yaulonda, ndipo chimene chinatsala m'manja mwa Fyuzi chinali ampu ija, poti panalibe ankaifuna. Anaitsegula ndi mkwiyo, kufuna kuona nkhope ya chinthu chimene chinkamuchititsa manyazi pamaso pa atsikana. Anakhala nayo miyezi, akupsa zala ndi chowotcherera, akusowetsa mtendere okonza mawayilesi ndi mafunso. Mmodzi wa iwo, atatopa naye, anamubwereka mita yoyezera magetsi n'kumuuza kuti aisiye kaye ampuyo, akayang'ane pamene inkatenga moto. Fyuzi anabwerera kugalaja kuja. Soketi ya pakhoma inali yogwedera ngati dzino la mwana. Besi ikagunda, pulagi inkavina m'kati, moto n'kumadukaduka, fyuzi n'kupsa. Zaka zonsezo ankatukwana ampu yosalakwa.

Gitala anaigulitsa, mita anagula yake. Kuyambira pamenepo ali ndi mawu amene amauza aliyense wobwera ndi galimoto yosalira: "Ampu ndi khanda. Likalira musathamangire kuchipatala, yambani mwaona ngati layamwa."

Lero ndi bambo wa imvi za m'mbali ndi kamimba kaulemu. Shedi yake ili mumsewu wa magalaja, pakati pa womata matayala ndi wometa tsitsi. Pansi ndi simenti yakuda ndi oyilo. Makasitomala amadikira pa mpando wakumbuyo wa galimoto ina imene inafa kalekale, ndipo pakhoma papachikidwa maampu akufa, mawaya ofiira ndi akuda okulungidwa pa misomali, ndi katoni yophwanyika imene amagwadapo, chifukwa ntchito yake yambiri ndi yogwada, mutu uli pansi pa mpando, miyendo ili panja. Mita yake ndi yachikasu, nsonga imodzi yomangidwa ndi tepi. Sabwereketsa. Ngakhale kuigwira kokha, amakuyang'ana ngati wamugwirira mkazi dzanja.

Chodabwitsa n'chakuti munthu amene amakhalira kukweza phokoso la anthu ena, kwawo safuna phokoso. Wayilesi ya m'nyumba mwake imanong'ona. Phokoso lokhalo lololedwa ndi la makina osokera a mkazi wake, amene amasoka makatani pakhonde, ndipo ndi mayi yekhayo padziko amene saopa kupsa mtima kwa Fyuzi. Iye akayamba kukalipa, mayiyo amangopitiriza kupalasa makina, n'kudikira kuti utsi uthe.

Mayiyu ali ndi mchimwene wake wamng'ono, munthu wosekaseka, wa malaya owala, amene anayesapo chilichonse chogulitsika. Anayamba ndi nkhuku, nkhuku zinafa. Anagulitsa nsapato, kenaka zikwama za mafoni, kenaka mankhwala a nsikidzi amene nsikidzi zinkanenepa nawo. Chaka chimenecho anali pa matiresi. Anapeza vani yoyera yotha ntchito, anachotsa mipando yakumbuyo, anamanga zimkuzamawu ziwiri padenga ndi chibokosi cha besi m'kati, n'kukajambulitsa mawu otsatsa malonda kwa munthu wa mawu onenepa. Kenaka anayamba kuzungulira m'misewu.

M'mawa wina vaniyo inaima pa shedi ya Fyuzi.

"Alamu, ampu yapsa," anatero mlamuyo asanatsike n'komwe. "Mundipezere ina, koma yamphamvu."

"Mwadzuka bwanji, alamu?"

"Tadzuka, koma ampu yapsa."

"Mwaona utsi?"

"Ayi."

"Fungo mwalimva?"

"Ayi."

"Ndiye mukuiika m'manda bwanji isanafe? Tayatsani timve."

Mlamu anayang'ana uku ndi uku ngati sakufuna, koma anayatsa. Padenga panatuluka kanyimbo, kenaka mawu onenepa aja: "Amayi, abambo, matiresi afika! Mukagula matiresi athu, mudzagona osadzuka..." Pamenepo panagunda ng'oma imodzi yaikulu, du! Ndipo zonse zinangoti zii.

Wometa tsitsi anatuluka ndi makina ake m'manja. Womata matayala anasiya kupopa.

"Akuti tidzagona osadzuka?" anafunsa wometa.

"Sakuthera pamenepo!" anakuwa mlamu. "Akuti mudzagona osadzuka ndi msana wopweteka! Ng'omayo ndi yongokometsera. Koma ikangogunda, ampu imazima, imadzabwerera mawu atadutsa kale!"

Womata matayala anakhala pansi pa tayala, misozi ili mbwee ndi kuseka. Kasitomala wa wometa naye anatuluka, mutu wometedwa theka, nsalu ili m'khosi, kudzapempha kuti ailizenso.

Fyuzi sanaseke, ngakhale masharubu ake ankanjenjemera. Anatenga mita n'kutsegula pamene pali batire. Batire yabwino ikagona imaonetsa mavolti thwelofu ndi kanthu pamwamba. Injini ikalira, alitaneta, kamakina kamene kamadzaza batire, imakweza motowo kufika cha m'ma fotini, ndipo pamenepo ampu ya galimoto imakhala ili paukwati. Koma moto ukatsika kufika cha m'ma teni, ampu imadziteteza: imatseka pakamwa n'kuyatsa kanyali kofiira. Batire ya mlamu inaonetsa thwelofu. Atayatsa injini, fotini. Ng'oma itagunda, nambala inangogwedera pang'ono.

Anayala katoni yake, n'kulowetsa mutu kuseri kwa mpando wa dalaivala kumene kunali ampu. Anagunditsa nsonga za mita pamene mawaya amalowera.

"Lizaninso."

Fotini. Amayi, abambo, fotini. Matiresi afika, fotini. Du! Teni, kanyali kofiira.

"Mwaona?" anatero Fyuzi, mawu akuchokera pansi pa mpando. "Ku batire chakudya chikunyamuka chokwanira. Kwa mwanayu chikufika theka. Pali wina akudya panjira."

Wakubayo sanavute kumupeza. Waya wakuda, umene umabwezera moto ku chitsulo cha galimoto, unali utapanikizidwa pansi pa bawuti la mpando, pamwamba pa penti, ndipo unkagwedezeka ukaukhudza ndi chala.

"Anamanga ndani apa?"

"Mnzanga wina. Amadziwa za magetsi a m'nyumba."

"Mukamuuze azikhala m'nyumba momwemo."

Anapala penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, anamanga wayayo ndi bawuti lakelake, n'kulimbitsa mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka. Ataliza, ng'oma inagunda, mita inangotsika pang'ono, ndipo msewu wonse wa magalaja unamva koyamba za msana wopweteka. Wometa tsitsi anati zinkakoma poyamba paja.

"Zimkuzamawuzi mumaziliza injini ikuyenda, eti?" anafunsa Fyuzi akupukuta manja.

"Nthawi zonse, alamu."

Sabata isanathe vani inabweranso, ndipo ulendo uno mlamu sankaseka. Ampu inali itadula mawu pamalo omwe aja, koma pa geti la chipatala, nthawi yoonera odwala, anthu ali pamzere ndi mabasiketi awo. Mlonda anamuthamangitsa, ndipo mayi wina anamuponyera patapata imene inalowera pawindo.

"Ndi iyi," anatero, akuionetsa ngati umboni wa kukhoti.

Fyuzi ali ndi kunyada kumodzi pa moyo wake: galimoto imene wakonza siibwerera ndi matenda omwewo. Anayala katoni yake. Anagwadanso. Waya wakuda unali gwa, mmene anausiyira. Kawaya kabuluu kochokera ku wayilesi, kamene kamadzutsa ampu, kanali bwinobwino. Analiza mawu aja kambirimbiri mpaka womata matayala anayamba kuwayimba, ampu osazima.

Komabe anatsatira waya wofiira kuchokera ku batire, pansi pa kapeti, mpaka kumbuyo. Unkaoneka wonenepa ngati chala. Ataudula, anapeza kuti kunenepa konseko ndi pulasitiki, m'kati muli timawaya towerengeka, ngati munthu wowonda wavala majekete atatu. Kabokosi ka fyuzi nako kanali katasungunuka pakona ndi kutentha. Anachotsa zonse, n'kuika waya wa mkuwa weniweni, wolemera m'manja, umene ankasungira galimoto za anthu olemekezeka.

"Tsopano ikazima, mubwere mudzandimete ndevu ndi botolo," anatero.

Mlamu sanabwere kudzameta ndevu. Anapita kwa mlongo wake.

Fyuzi atafika kunyumba madzulo ake, anapeza mkazi wake ali pamakina, nsalu yamaluwa itaunjikana pamiyendo.

"Kunabwera achimwene," anatero mayiyo osadzutsa mutu. "Akuti yazimanso. Pamsika. Akuti mwina mwayamba kukalamba, ndiye akuganiza zokaonetsa kwa anyamata a kuseri kwa depoti aja."

Apa ndiye fyuzi inapsadi. Anakalipira mlamu amene panalibepo. Anakalipira anyamata a kuseri kwa depoti, amene amalumikiza mawaya ndi mano. Anakalipira opanga mawaya abodza, opanga mavani, ndi munthu wa mawu onenepa amene anaika ng'oma pakati pa chiganizo ngati alibe kwina koiika. Anamenya chidebe theche, chidebe chinagubuduka mpaka pageti, iye n'kutsala akudumpha ndi mwendo umodzi.

Makina osokera sanaime. Atafika kumapeto kwa mpendero, mayiyo anadula ulusi ndi mano.

"Mwatha, bambo?"

Fyuzi anakhala pa sitepe akusisita chala.

"Pashedi panu siizima," anatero mayiyo. "Imazima kumene amapita. Nanga inu munapitako?"

"Ine ndizikwera galimoto ya matiresi? Ndi msinkhu wangawu?"

"Kuona maso a nkhono n'kudekha. Komanso ndi mlamu wanu. Akapita kwa anyamata aja n'kukamuotchera galimoto, adzalira pakhonde pano, ndipo ine makatani a eni ndidzasoka liti?"

M'mawa mwake Fyuzi anatseka shedi, n'kuuza wometa kuti aliyense womufuna adikire. Anamangirira mawaya a mita pa ampu kuti aziona nambala ulendo wonse. Mpando wakutsogolo unali wodzaza ndi mapilo, choncho anakwera kumbuyo, n'kudzipanikiza pakati pa matiresi okutidwa ndi pulasitiki, mita ili pachifuwa.

Anazungulira. Anadutsa m'misewu ya nyumba zamipanda kumene agalu okha ndi amene ankayankha. Anadutsa pa sukulu, ana n'kuthamangira vani akukuwa "Osadzuka! Osadzuka!" poti mbiri inali itafika kale. Anadutsa pamalo okwerera basi. Mlamu ankayendetsa mwaulemu ngati wanyamula mkwatibwi, ndipo mita inali pa fotini ngati yakhomedwa ndi msomali. Ng'oma inkagunda, msana wopweteka unkamveka, mabampu ankabwera n'kupita, osazima.

"Mwaona, alamu?" mlamu anakuwa akuyang'ana pagalasi. "Ikukuopani!"

Dzuwa linakwera. M'vanimo munayamba kutentha, fungo la siponji yatsopano lili thoo. Fyuzi anasuntha pang'ono kuti awongole msana. Matiresi anamulandira. Anaganiza zotseka diso limodzi lokha, linalo liziyang'ana mita. Munthu wa mawu onenepa anapitiriza kulonjeza tulo, ndipo Fyuzi, amene kwawo amagona pa matiresi a chaka chimene anakwatira, anapita osatsanzika.

Chimene chinamudzutsa sichinali phokoso. Kunali kusowa kwa phokoso lina. Mawu a padenga ankamveka, matayala ankamveka akugubuduka, koma pansi pa msana wake panalibe kunjenjemera kwa injini. Anayang'ana mita. Leveni ndi kanthu, ndipo ikutsika iye akuona.

"Mudzagona osadzuka..." Du! Naini. Kanyali kofiira.

Anadzutsa mutu pamwamba pa matiresi. Vani inali pamtsetse wautali wolowera kumsika, giya atayichotsa, ili pa fili, kiyi atapotoledwa theka kuti wayilesi yokha itsale yoyaka. Mlamu, atamva mkonono kumbuyo, anali atabwerera ku chizolowezi chake. Ankaimba kamluzu, chigongono chili pawindo, akusunga mafuta.

Fyuzi asanayambe n'kukalipa komwe, anaona kutsogolo munthu wina akudutsitsa ngolo yodzaza ndi mabeseni apulasitiki. Mlamu anaponda buleki. Galimoto yozima injini imakupatsa buleki yofewa kamodzi kapena kawiri, kenaka chopondera chimauma ngati mwala, ndipo mlamu zofewazo anali atazitha kale kumtunda. Kamluzu kanatha. Anaimirira pa chopondera ndi thupi lonse, anakoka handibuleki, vani inalira, matiresi onse anasefukira kutsogolo pamodzi ndi Fyuzi, ndipo anaima mphuno ya vani itangopsompsona ngoloyo. Beseni limodzi lobiriwira linagwa, linazungulirazungulira pamsewu, n'kugona chafufumimba.

Mlamu anapotokola kiyi. Injini inakhosomola mwaulesi, inakhosomolanso, n'kulira. Ampu inadzuka. Ndipo poti anali atazolowera kukonza mbiri yake ampu ikabwerera, anasinthira ku mayiki n'kukuwa kuti, "Ndi msana wopweteka! Osadzuka ndi msana wopweteka!" Kenaka anaponya mayikiyo pa mapilo, osaizimitsa.

Pamenepo n'kuti Fyuzi atatuluka pansi pa matiresi.

"Alamu! Inu mutu wanu ndi wa siponji? Mukuzimitsa injini pamtsetse? Ndi katundu? Ndi ine m'kati?"

"Alamu, mafuta..."

"Mafuta! Ine ndapala penti, ndasintha mawaya, ndakupatsani waya wanga wa mkuwa, ndamenya chidebe chosalakwa, chala changa chatupa, inu mukudziwa kuti mumachiliza chinthuchi injini itazima! Ndinakufunsani! Munati chiyani? Nthawi zonse, alamu! Batire yanuyi ndi nkhalamba, imangooneka yamoyo ikangochoka pa alitaneta, mukaisenzetsa katundu imagwada! Ndiye mukapita kwa mlongo wanu kukanena kuti ine ndakalamba?"

"Alamu, tsitsani mawu..."

"Sinditsitsa! Mukanapha munthu wa mabeseniyu! Mukanandipha ine ndili m'tulo! Ndipo tulo take! Chikwatirireni sindinagonepo tulo ngati timeneti! Matiresi abwino chonchi, ofewa chonchi, wogulitsa wake wopanda nzeru ngakhale ya kasupuni!"

Anaima kuti apume, ndipo m'pamene anamva mawu ake omaliza akubwerera kuchokera ku khoma la sitolo ya tsidya lina. Kasupuni. Anayang'ana pawindo. Msika wonse unali utaima. Ogulitsa, ogula, okwera njinga, wa mabeseni ndi beseni lake m'manja, onse maso ali padenga la vani.

"Akunena zoona bambowo!" anakuwa mayi wina wogulitsa tomato. "Amatsika chozimitsa tsiku lililonse ameneyu, timamuona!"

"Apitirize!" anatero wina.

Fyuzi anayang'ana mita imene inali ikulendewera pa mawaya ake. Fotini. Pa kukalipa konse kuja, ampu sinaphonye liwu ngakhale limodzi. Mkwiyo uli apo, manyazi ali apo, kamtima kena m'kati mwake kanati: ntchito ndiye ndinaigwira.

Kenaka bambo wina wa chipewa anagogoda pawindo. "Pepani akuluakulu. Amene anagonapo bambowa ndi ati? Ndimafuna ndiwagwireko."

Fyuzi anabwerera kunyumba wapansi, mita ili m'thumba, chifukwa anakana kukweranso vaniyo. Mlamu anatsala pamsika akutsitsa matiresi, anthu akudina ndi zibakera, ena akugonapo pamsewu pomwepo kuti ayese. Nkhani inafika kunyumba iye asanafike. Anapeza mkazi wake atasiya makina, atagwira m'mimba, mayi woyandikana nawo ali pambali akupukuta misozi ndi nsonga ya nsalu.

"Takulandirani, bambo a pawayilesi," anatero mkazi wake.

Fyuzi anangowadutsa n'kulowa m'nyumba. Koma chakudya chitabwera anadya bwino, ndipo pakati pa kudya anafotokozera mkazi wake, ndi mafoloko ndi kapu, mmene batire yotopa imanamizira mita.

Mlamu anakhala masiku angapo osaoneka. Atabwera, anabwera ndi mlongo wake kutsogolo ngati chishango, atanyamula batire yatsopano paphewa. Anaiika pansi, anavula chipewa, n'kupepesa mwa mawu ochepa kwambiri pa moyo wake wonse. Fyuzi anamusiya ataima kwa kanthawi, akunamizira kufunafuna sipanala. Kenaka anamuuza kuti batire imodzi siikwana. Ngati akufuna kumaima pamsika injini itazima, pafunika yachiwiri, yaikulu, ya ampu yokha, yokhala ndi kachipangizo koilekanitsa ndi inzake kuti ampu ikadya moto wonse, galimoto izitha kulira.

"Koma za pamtsetse zija," anatero akumuloza ndi sipanala, "ndikadzangomva, sindidzabwera ndi mita. Ndidzabwera ndi mlongo wanuyu."

"Ine ndidzabwera ndi sizasi," anatero mayiyo.

Anaigwira ntchitoyo tsiku lonse, mosathamanga. Batire yachiwiri anaikhomera bokosi lamatabwa kuti matiresi asaikhudze, waya aliyense anamuveka fyuzi yake pafupi ndi batire, ndipo pa dashibodi anamatapo kamita kakang'ono ka manambala ofiira kuti mlamu aziona yekha moto ukamatsika. Mlamu anagwira tochi, anapereka zida zolakwika, ndipo anakhala chete pafupifupi ola lathunthu, chinthu chimene wometa tsitsi anati sichinachitikepo.

Chete ameneyo anathera pa pempho. Anthu kumsika, anatero mlamu, sankafunanso munthu wa mawu onenepa. Ankafunsa za bambo wokalipa uja. Ndiye iye anaganiza kuti, ngati alamu angalole, apite nawo kojambulira mawu, akangobwereza pang'ono chabe. Pa matiresi abwino chonchi paja. Za kasupuni akhoza kuzisiya.

Fyuzi anapitiriza kumanga waya.

"Gwirani tochi bwino, alamu," anatero. "Mukuunika khutu langa."

Kojambulira sanapite. Koma kwa miyezi ingapo anthu ankafika pa shedi, ena ndi magalimoto, ena opanda, n'kufunsa wometa ngati bambo aja ndi amenewa. Woyendetsa takisi wina anabwera ndi ampu yabwinobwino, anangomasula waya dala, kuti amve ngati akalipiridwe. Fyuzi anaumanga wayayo mwakachetechete, n'kumuuza kuti apite ndi mtendere, munthuyo anachoka atakhumudwa.

Matiresi anayenda bwino mpaka mvula itayamba, pamene denga la vani linayamba kudontha ndipo siponji inaphunzira kumwa madzi. Mlamu sanadandaule nthawi yaitali. Pofika mwezi wotsatira anali atapenta vaniyo chikasu, atabwezeramo mipando, akunyamula ana a sukulu ya mkaka m'mawa ndi masana. Zimkuzamawu anazitsitsa padenga, chibokosi cha besi anachisiya, ndipo anawo amapita kusukulu akuyimba nyimbo za afabeti ndi besi yogwedeza mawindo.

Tsiku loyamba la ntchito yatsopanoyo, Fyuzi anadzuka m'mamawa, anavala jekete, n'kukaima pamwamba pa mtsetse wa kumsika uja, manja ali kumbuyo. Vani yachikasu inatulukira, timitu tili mbwee m'mawindo. Mlamu atamuona anatsitsa galasi, anaponda mafuta kawiri kuti injini imveke bwino, n'kukuwa:

"Ikulira, alamu! Ana inu, apatseni moni agogo!"

Timanja tonse tinatuluka pawindo. Fyuzi anakweza dzanja limodzi, anamvetsera vaniyo mpaka inakafika kumunsi, kenaka anawoloka msewu kupita kukatsegula shedi. Panali kale galimoto yofiira ikumudikira, mwini wake mtsikana wa yunifolomu ya kubanki, amene anati nyimbo zake zimazima akangoyatsa nyali ndi mawaipa nthawi imodzi.

"Ndiye mvula ikamagwa mumayenda chete?" anafunsa Fyuzi akufunafuna kiyi wa loko m'thumba.

"Ndimayimba ndekha, bambo."

"Pepani kwambiri. Tatsegulani boneti tione."